Kauboyi akabwerako kudzapepesa: kodi mabuku awa amaphunzitsa amayi kungopirira?

Funso

Ndife amayi angapo a mpingo umodzi ndipo timabwerekana mabuku a nkhani zachikondi zachikhristu za ku America, makamaka zija zochitikira m'mafamu a ng'ombe. Pafupifupi m'buku lililonse mwamuna amalakwira mkazi, n'kusowa zaka zambiri, kenako n'kutulukira, mkazi n'kumukhululukira, ukwati n'kuchitika. Mnzathu wina wasiya kuwerenga. Akuti awa ndi malangizo omwe aja akuti "banja ndi kupirira", angowaveka chipewa cha kauboyi. Kodi akunena zoona? Nanga n'chifukwa chiyani nkhanizi sizichoka pa ng'ombe ndi mahatchi?

Yankho

Mayi, mnzanuyo musamutaye, chifukwa pa mabuku ena akulondola. Koma ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo, popeza tikamvana pa za ng'ombe, loyambalo silivutanso.

Wolemba nkhani ya anthu awiri olakwirana amakhala ndi ntchito imodzi yomutulutsa thukuta: awasunga bwanji pamodzi mpaka buku lithe, pomwe wina sakufuna n'kuona komwe nkhope ya mnzakeyo? Mumzinda ngati Dallas kapena Denver, mkazi wokhumudwa angosintha nambala ya foni, asamukire kwina, nkhani yathera pomwepo. Pa famu ya ng'ombe sizingatheke. Ng'ombe sizidziwa kuti eni ake sakulankhulana, zimafuna madzi ndi udzu m'mawa uliwonse. Komanso anthu kumeneko ndi apatalipatali. Montana kukula kwake ndi kopitirira Malawi katatu, koma kuli anthu ongoposa pang'ono 1 miliyoni, ndipo ng'ombe ndi zambiri kuposa anthu. Ku Wyoming anthu sakwana 600,000. King Ranch ya ku Texas, imene inayamba mu 1853, ili ndi maekala 825,000, malo oposa boma lonse la Blantyre. Mafamu a m'mabuku mwanumo safika pamenepo, ambiri ndi a banja limodzi, komabe kumadera ouma ng'ombe imodzi ndi mwana wake imafuna maekala makumi angapo kuti ikhute chaka chonse, ndiye nyumba sizingayandikane. Anthu amene ungawaimbire foni pakati pa usiku ng'ombe ikamalephera kubereka ndi mmodzi kapena awiri. Akakhala kuti mmodziyo ndi uja anakuthawa ukwati utatsala sabata imodzi, ndiye kuti wolemba walipeza buku lake.

Chachiwiri, chimenenso ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ndi kayendedwe ka chaka. Kumadera a kumpoto monga Montana ndi Wyoming, ng'ombe zambiri zimabereka pakati pa February ndi April, kunja kukali chisanu choopsa. Ng'ombe zobereka koyamba zimafuna kuzizonda usiku wonse, munthu kumadzuka pakangopita maola awiri kapena atatu, tochi m'manja. Mwana wa ng'ombe akabadwa pa chipale chofewa osanyambitidwa msanga amauma ndi kuzizira, ndipo si zachilendo kumunyamulira m'galimoto kapena kukhitchini kuti afundidwe. Ikafika May ndi June ndi nthawi yodinda zizindikiro pa ana a ng'ombe ndi chitsulo chamoto ndi kuwabaya katemera. Ntchito imeneyi banja limodzi silingaithe, choncho oyandikana amasonkhana, lero kwa uyu, sabata ya mawa kwa uja, pomaliza n'kudyera pamodzi, ngati mmene dima imayendera kumudzi. Wosaitanidwa ku ntchito imeneyi amadziwiratu kuti dera lamufulatira, ndipo tsiku limene adzaitanidwenso aliyense amaona. Kukatentha ndi kumweta udzu, kuumanga mitolo, kukonza mipanda ya waya waminga, kusamutsa ziweto. Mu October ndi November ana a ng'ombe amaletsedwa kuyamwa n'kugulitsidwa, ndipo mabanja ambiri ndalama yeniyeni amaigwira nthawi imeneyi basi, kamodzi pachaka. Kenako chisanu chabweranso, kudyetsa udzu wouma tsiku ndi tsiku ndi kuswa madzi oundana m'zomwera ndi nkhwangwa.

Mwaona chimene chaka chotere chimam'patsa wolemba? Chimam'patsa muyeso. Tchimo la mwamuna wa m'nkhanizi kawirikawiri ndi kuthawa: anathawa chibwenzi, anathawa bambo ake, anathawa maliro a mng'ono wake amene anafa pangozi iyeyo akuyendetsa ataledzera. Munthu wothawa sangasonyeze kusintha ndi pakamwa. Asonyeza pokhala. Kodi mu March anadzuka 2 koloko usiku popanda womudzutsa? Kodi mu August, dzuwa likuswa mtengo, ntchito yatopetsa, mkazi uja sanam'sekererebe, adakalipo? Wowerenga amatha kuwerengera yekha miyezi. Mu ofesi kapena mu lesitilanti kulapa kumavuta kukuonetsa ndi maso, pa famu kumaoneka ndi matuza a m'manja.

Palinso ngongole. Famu yotere imayenda ndi ngongole ya kubanki, chikole chake ndi malo amene agogo anasiya. Chilala chikabwera ngati cha 2011 ku Texas, anthu amagulitsa ng'ombe zimene akhala akuzisankha mbewu kwa zaka makumi. Moto wa mu February 2024 kumpoto kwa Texas unapsereza maekala oposa 1 miliyoni ndi kupha ng'ombe zikwizikwi. Kalembera wa alimi wa 2022 ku America anapeza kuti pa avereji mlimi ali ndi zaka 58, kutanthauza kuti funso lakuti famu atsala nayo ndani lili m'nyumba zambiri. N'chifukwa chake mwana wolowerera wa m'mabukumu amabwerera bambo ake atadwala mtima kapena atagwa pa hatchi. Ndipo madera ambiri a kumadzulo lamulo la madzi limati amene anayamba kugwiritsa ntchito madzi a mtsinje ndiye woyamba kulandira chilala chikavuta. Mabanja awiri akhoza kudana mibadwo itatu chifukwa cha ngalande imodzi. Paja Yesu pofuna kufotokoza za kukhululuka pa Mateyu 18 anasankha fanizo la kapolo wa ngongole. Olembawa sanavutike kufunafuna, dera lenilenilo ndi lodzala ndi anthu okongozana.

Mbiri ya mabukuwa ndingoidutsa mwachidule. Amene anatsegula msika wa nkhani zoterezi ndi Janette Oke wa ku Alberta m'dziko la Canada, yemwe buku lake loyamba, Love Comes Softly, linatuluka mu 1979 kudzera ku kampani ya Bethany House ya ku Minnesota. Nkhani zake zinali za anthu oyamba kukhazikika m'zidikha za kumadzulo. Mu 1997 kampani ya Harlequin inayambitsa gulu la mabuku otchedwa Love Inspired, amene amatuluka angapo mwezi uliwonse, ndipo makauboyi a masiku ano, oyenda pa hatchi m'mawa ndi pa galimoto masana, achulukira kwambiri mmenemo. Malamulo ake ndi odziwika: za kuchipinda ayi, kutukwana ayi, chikhulupiriro chikhale mbali ya moyo wa atengambali. Matchalitchi a makauboyi amene mumawawerengawonso si opeka. Ku Texas alipo ambiri, anthu amapemphera atavala majombo, pambali pali bwalo la mahatchi, ndipo ubatizo umachitikira m'chomwera ng'ombe.

Lamulo lina ndi la nkhani zachikondi zonse, zachikhristu ndi zina zomwe: mapeto ayenera kukhala okondweretsa, awiriwo ali limodzi. Ogula amalipira zimenezo. Choncho kunena kuti "onsewa amathera ku ukwati" sikutiuza kanthu za buku lililonse palokha. Buku muliweruze ndi zapakati, msewu umene wolemba wadutsa kuti akafike ku ukwatiwo.

Apa ndi pomwe mnzanu ali ndi mfundo, chifukwa olemba aulesi ali ndi njira zawo zachidule.

Njira imene imandikwiyitsa kwambiri ndi yochepetsa mlandu. Buku limayamba ngati mwamuna anachita choipa chenicheni, koma kumapeto tikumva kuti kalata yake inabisidwa ndi apongozi, kapena anachoka pofuna kuteteza mkaziyo, kapena mtsikana amene anamuona naye uja anali msuweni wake. Mkazi "akukhululuka", koma panalibe chokhululukira. Kumeneku ndi kubera wowerenga. Mayi amene analakwiridwa zenizeni akatseka buku lotere amatsala ndi funso lakuti bwanji iye zikum'kanika pomwe wa m'bukuyu zam'thekera pa masamba atatu, osadziwa kuti wa m'bukuyo katundu wake anali wa thonje.

Ina ndi ya ngozi. Pampondachimera mwamuna wapondedwa ndi nkhunzi, kapena wasochera m'chimphepo cha chisanu, kapena walowa m'khola loyaka moto kukapulumutsa mwana. Mkazi ali pambali pa bedi kuchipatala, misozi ili chuchuchu, zonse zaiwalika. Mantha oti munthu afa ndi enieni, sindikana, koma sayankha funso limene buku linafunsa poyamba. Kulowa m'moto ndi kwa mphindi zisanu. Wathanzi aliyense wamagazi otentha akhoza kutero. Funso linali lakuti kodi akhalapo Lachiwiri wamba, ndalama zitatha, mwana akudwala chimfine?

Ndipo pali njira ya pemphero lofulumira. Mwamuna wagwada m'khola, walira, wapereka moyo wake kwa Yesu, ndipo kuyambira pamenepo buku limayamba kuona mkazi ngati ndiye wolakwa chifukwa akuchedwa kum'landira. Mnzake akum'kumbutsa za kukhululuka makumi asanu ndi awiri kuchulukitsa kasanu ndi kawiri, agogo ake akum'patsa vesi, mwana akufunsa chifukwa chake amalume aja sakudya nawo. Katundu yense wachoka pa wolakwa wapita pa wolakwiridwa. Ili ndilo buku limene likuyankhula chilankhulo cha "banja ndi kupirira", ndipo alipo ndithu.

Koma si onse. Wolemba wodziwa ntchito amasiyanitsa zinthu zimene waulesi amaziphatikiza. Everett Worthington, katswiri wa za maganizo a anthu amene anaphunzitsa zaka zambiri pa Virginia Commonwealth University, ndiponso yemwe mayi ake anaphedwa ndi munthu wothyola nyumba, wakhala akufotokoza kuti pali kukhululuka kochita kusankha, pamene munthu watsimikiza kuti sabwezera, ndipo pali kukhululuka kwa mumtima, pamene ukali wazilala pang'onopang'ono mpaka watha. Kachiwirika sikabwera ndi lamulo. Kuyanjananso ndi chinthu china chachitatu, chimene munthu mmodzi sangachichite yekha, chifukwa chimafuna kuti winayo akhale wodalirika mobwerezabwereza mpaka chikhulupiriro chimerenso. Buku labwino limalola mkazi kunena kumayambiriro kuti "sindikusungiranso mlandu", n'kupitiriza kukiya chitseko chake, kusunga yekha mabuku a ndalama za famu, ndi kumulipira mwamunayo ngati wantchito wina aliyense. Palibe amene akum'dzudzula. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo wolemba wabwino amasiya chilondacho chipole pa nthawi yake.

Baibulo lenilenilo ndi lokhwima pa nkhaniyi kuposa mabuku ofookawo. Taonani Yosefe. Pa Genesis 42 akuwazindikira abale ake, akutembenuka n'kulira, akuwapatsa tirigu, akuwabwezera ndi ndalama zawo zomwe. Mtima wobwezera unali utachoka kale. Koma sakudziulula. Akudikira mpaka chaputala 44, pomwe wawaika pa mayeso omwe aja analephera kale: mwana wina wokondedwa wa Rakele, Benjamini, ali m'manja mwawo, ndipo akhoza kum'siya ku Iguputo iwo n'kupulumuka. Yuda atadzipereka kuti atsale ukapolo m'malo mwa mnyamatayo, m'pamene Yosefe akunena kuti iye ndi ndani. Olemba amene anaimvetsa nkhaniyi amachita chimodzimodzi. Ngati mwamuna anathawira ku mipikisano ya rodeo, kumene munthu amayendayenda pafupifupi chaka chonse kusaka mphoto ya kukhala masekondi 8 pamsana pa nkhunzi, ndiye chakumapeto kwa buku foni iyenera kulira. Mpata wapezeka woti akhoza kukafika ku mpikisano waukulu wa mu December ku Las Vegas, ndalama zake zokwana kubweza ngongole ya famu, ndipo ali ndi chifukwa chomveka chopitira. Apa wowerenga amakhala tsonga, chifukwa yesero ndi lomwe lija ndipo mtengo wa kukana ndi weniweni. Zakeyu nayenso pa Luka 19 sanangoti pepani, anatchula chimene abweze, kanayi. M'buku labwino mumatha kuloza ndi chala chimene kulapa kwam'dyera mwamunayo: hatchi yake ya mpikisano yagulitsidwa, wakaima pamaso pa mayi wa mnyamata amene anafa uja popanda kudziteteza, wavomera kuti malo alembedwe m'dzina la mlongo wake amene anatsala n'kumavutika nawo.

Mlongo kapena mkulu wake wotsalayo muzimuyang'anitsitsa. Iye ndi mwana wamkulu wa pa Luka 15, amene anagwira ntchito zaka zonse osapatsidwa ngakhale kambuzi. Fanizo la Yesu limatha iye adakali panja, sitiuzidwa ngati analowa. Olemba ofooka amam'sandutsa munthu wanjiru kuti tim'de. Olimba mtima amavomereza kuti dandaulo lake ndi lomveka, ndipo nthawi zina amam'siya mpaka tsamba lomaliza akungopereka moni wa patali.

Nkhani ya mwana wobisidwa, imene yachuluka kwambiri m'mabukuwa, ili ndi ubwino umodzi umene anthu sauona msanga. Mwamuna wabwerako n'kupeza kamnyamata ka zaka 6 kofanana naye chibwano. Iye anathawa, inde, koma mkazi naye anam'mana zaka 6 za mwana wake, ndipo anamana mwanayo bambo. Tsopano onse awiri ali ndi ngongole, palibe amene waima pa chulu. Ikalembedwa bwino imachotsa chithunzi chija cha mkazi woyera mtima amene ntchito yake ndi kukhululuka basi. Ikalembedwa moipa, kamwanako kamangokhala chingwe chowakokera ku guwa.

Pa za nkhanza ndinene mosapsatira. M'mabuku ambiri a mtunduwu mwamuna womenya sakhala mwini nkhani. Amakhala mwamuna woyamba amene anamwalira, kapena amene mkazi anam'thawa n'kudzabisala ku famu, ndipo mwayi wachiwiri umene buku likunena ndi wa mkaziyo, kuyambanso moyo ndi munthu wina. Mukakumana ndi buku limene likubwezera mkazi m'manja mwa amene ankam'menya chifukwa choti walira pa tchalitchi, limenelo lalephera ngakhale pa muyeso wa mabuku anzake, ndipo musalipereke kwa mtsikana.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene mtundu wonse wa mabukuwa sungathe kuchita, ndipo mnzanu ayenera kuti wachinunkhiza. Pa Genesis 33 Esau akuthamangira Yakobo, akukumbatirana, akulira. Kukhululuka kwachitika kwathunthu. Kenako Esau akubwerera ku Seiri, Yakobo akulowera ku Sukoti, aliyense kwake. Nkhani yachikondi singathe motero kwa awiri amene ali pachikuto, lamulo la mapeto lija silingalole. Munthu wowerenga mabuku oterewa okhaokha, chaka ndi chaka, akhoza kuyamba kuganiza kuti kukhululuka kumene sikunathere m'nyumba imodzi n'koperewera. Si choncho. Olemba ena amadziwa malire amenewa, ndiye nkhani ya Esau amaipereka kwa atengambali a m'mbali: mayi amene wakhululukira mwamuna wake wakale koma wakana kubwererana naye, oyandikana amene agwirana chanza pa za ngalande koma sadzadyeranso limodzi. Buku lokhala ndi munthu mmodzi wotere ndimalikhulupirira kwambiri pa zimene likunena za awiri aja.

Ndipatuke pang'ono. N'zodabwitsa kuti mabuku odzala ndi kulapa chotere amakhala chete pa mlandu waukulu wa dera lenilenilo. Malo amene atengambali amawatcha a makolo awo anali a Comanche, a Cheyenne, a Lakota ndi mitundu ina, amene anachotsedwapo ndi nkhondo ndi mapangano ophwanyidwa m'zaka za m'ma 1800, pomwe lamulo la Homestead Act la 1862 linkagawira obwera maekala 160 aliyense. Luso la ukauboyi linachokera kwa oweta ng'ombe a ku Mexico, ndipo pakati pa amene ankakusa ng'ombe kuchoka ku Texas kupita ku Kansas nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865 panali anthu akuda ambiri. Pachikuto simuwaonaona. Sindikuti nkhani yachikondi isanduke phunziro la mbiri yakale, koma ndi bwino kudziwa kuti dziko la m'mabukumu ndi losesedwa kale.

Ndiye mukakumana ndi amayi anzanu, m'malo mokangana za mabuku onse nthawi imodzi, tengani limodzi limene nonse mwaliwerenga mulifunse mafunso. Mlandu unali weniweni, kapena unasungunuka kumapeto? Panadutsa nyengo zingati kuchokera pa pepani kufika pa mphete? Mwamunayo anataya chiyani chimene ankachikonda? Ndipo yang'anani abusa a m'bukumo, poti pafupifupi buku lililonse lili nawo, kapena agogo ena amene amagwira ntchito ya abusa. Onani kumene galimoto yawo imaima. Ngati imaima kawiri konse, kwa mkazi kukam'tonthoza ndi kwa mwamuna kukam'funsa kuti wabweza chiyani, wolembayo akudziwa chimene akuchita. Ngati ulendo uliwonse ikungoima pakhomo pa mkazi, ndi vesi lina lomuuza kuti afewetse mtima, limenelo ndilo buku limene mnzanu akulinena, ndipo mukhoza kulibweza kwa mwini wake musanalimalize.